A Lemson Kanyumbu Sanathawe

Malemu a Lemson Kanyumbu, amene tawaperekeza kuno ku manda a ku Luveve, anabadwa pa 9 Ogasiti 1971 m'nyumba ya khonsolo ku Mzilikazi, muno mu Bulawayo. Bambo awo anali malemu a Laston Kanyumbu ochokera ku Linthipe m'boma la Dedza, ndipo mayi awo anali malemu a Christina, alongo anga a mimba imodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Lyton Mtambalika, malume awo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, choncho mawu ena akatuluka opindika mundikhululukire, koma bodza mulibe.

Abusa, akuluakulu a mpingo, a sosaite yathu ya maliro ya Tiyanjane, apongozi athu ochokera ku Lupane, anansi nonse: ndisanapitirire ndikuuzeni chinthu chimodzi. Dzulo masana akuluakulu ena anandiitanira kuseri kwa tenti, nandipempha kuti ndikafika pa matenda ndingonena kuti malemu anadwala nthawi yaitali, basi. Akuti pamaliro pamabwera anthu a mitundu iwiri, ena kudzalira, ena kudzamvetsera. Ndinawamva. Koma mwambo umene makolo athu anabwera nawo kuno umati malume ndiye amalongosola chimene chadya mwana wa mlongo wake, ndipo salongosolera mitengo, amalongosolera anthu amene asonkhana. Choncho ndilongosola. Wobwera kudzamvetsera atchere khutu bwino kuti asakanene zolakwika kumene akukanenako. Komanso pakati panu pali anthu amene anaona ndi maso awo zimene nditi ndinene. Banja lino likufuna mmodzi yekha mwa iwo kuti atsegule pakamwa, ndipo chifukwa chake muchimva.

A Laston anabwera kuno mu 1959 pa lole ya anthu ofuna ntchito, kudzera ku Tete, ali ndi bulangete limodzi ndi chitupa. Anagwira ntchito yonyamula katundu ku njanji mpaka msana unawakana. M'nyumba mwawo munali lamulo limodzi limene mwana aliyense ankaliloweza asanaloweze Atate Wathu. Ankati Mnyasa sathawa munthu wa yunifolomu, wothawa ndi amene alibe pepala. Ukawaona akubwera, ima pomwe ulipo, vula chipewa, kweza chitupa m'mwamba kuti achione akadali patali. Si a Laston okha. Nyumba iliyonse ya Anyasa ku Mzilikazi ndi ku Makokoba inkaphunzitsa zomwezo, ndipo inu a imvi mukudziwa kuti sindikupeka. Lamulolo linkagwira ntchito. Nthawi ya azungu, pamene ankagogoda m'makomo kufuna mapasi, linatipulumutsa. Zaka za m'ma 80, pamene eni nthaka ino ankatsitsidwa m'mabasi osabwereranso, a Laston anakweza chitupa chawo pa lodibuloko ina, nauzidwa kuti khala pansi iwe mlendo, izi si zako. Anafika kunyumba amoyo. Nkhani imeneyo ankaibwereza kwa ana awo kawirikawiri, ndipo malemu anaimva ali mwana, naisunga mumtima.

Mu 1978 malemu anayamba sukulu ya pulayimale ku Mzilikazi komweko. M'nyumba ankayankhula Chichewa, panja Chindebele, ndipo Chindebelecho anachidziwa mpaka kumasereula nacho eni ake. Anzawo akawanena kuti Mnyasa wadya mbewa, iwo ankayankha kuti mbewa yathu ili ndi chiwindi ndi mafupa, nanga amacimbi anuwo, mphalabungu zija, mumatafunamo chiyani. Pa benchi ankakhala ndi mnzawo Newton Mlenga, mwana wa Mnyasa mnzathu wa mzere wa nyumba wakumbuyo kwathu. Awiriwa ankalowera limodzi pansi pa mpanda ku Barbourfields kukaonera Bosso, timu ya mpira ya mumzinda muno, ndipo lamba wa a Laston ankagwa pa onse awiri mosasankha mwana wa yani. Mu 1985 malemu anapita ku sekondale, koma analekezera Fomu 2 chaka chotsatira, bambo awo atasiya ntchito.

Mu 1989 analembedwa ntchito pa fakitale ya mabulangete ku Belmont. Anagwira kumeneko pafupifupi zaka makumi awiri, akupalasa njinga m'mawa uliwonse, chisanu kapena mvula. Bambo awo anamwalira mu 1993, mayi awo mu 2004. Pa 7 Disembala 1996 anamanga ukwati ndi mayi Sithembile Mlotshwa a ku Lupane, amene tonse timawatchula kuti MaMlotshwa. Ife Achewa za malowolo sitinazizolowere, ndipo ine amene ndinatumidwa kukakamba nkhaniyo ndinatuluka thukuta mpaka m'masokosi. Apongozi akhala apowo akukumbukira. Mboni ya ukwatiwo anali a Newton. Mulungu anawapatsa ana awiri, Abigail mu 1998 ndi Themba mu 2003. Mu 2001 banja linasamukira ku Nketa. Mumpingo malemu ankaimba besi mu kwaya ya abambo, ndipo ndiwo ankakonza mabenchi akathyoka, osadikira kutumidwa.

Chitupa chawo chinali chachitsulo, chokhala ndi chilembo chija cha A, kusonyeza kuti ndi mlendo. Munthu wobadwira ku Mzilikazi, mchombo wake unakwiriridwa pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba ya khonsolo, ku Malawi sanapondeko phazi, koma mlendo. Mu Malichi 2002 anaima pa mzere wa mavoti kuyambira m'mawa, ndipo atafika kutsogolo anauzidwa kuti dzina lawo linachotsedwa, akavotere kwawo. Anabwerera mwakachetechete, chipewa m'manja. Mu 2008 fakitale inatsekedwa. Anzawo ambiri anawoloka mtsinje wa Limpopo kupita ku Joni, koma iwo anakana, akuti sangakhale mlendo kawiri. Anatenga masipanala awo n'kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi renki ya makombi ku Lobengula, pamene maminibasi amanyamulira anthu, kumakonza njinga. A Newton anali ndi tebulo la matayala ndi machubu pambali pomwepo. Wina akagulitsa, wina amamanga. Anthu a pa renki ankati awiriwa ndi tcheni ndi giya.

Malamulo a dziko atasintha mu 2013, tinauzidwa kuti wobadwira kuno ndi nzika. Malemu anayenda m'maofesi zaka zinayi, kubwezedwa ndi kubwereranso, mpaka mu Okutobala 2017 anapatsidwa chitupa chatsopano chapulasitiki chopanda chilembo chija. Tsiku limenelo anabwera kwanga ku Mzilikazi atavala suti yawo yotuwa ya paukwati, nachiika patebulo mwaulemu ngati munthu amene wabwera ndi khanda kuchokera kuchipatala. Anati, "Malume, lero ndabadwa." Ine ndinawayankha kuti pepala ndi la amene walidinda, si la amene walinyamula. Anandiseka, akuti ine ndinabadwa ndi ndulu m'kamwa. Mu Julayi 2018 anavota, ndipo chala cha inki ankachisunga posamba kuti inkiyo isathe msanga. Anayamba kuyankhula mawu amene m'banja mwathu sitinkawadziwa, za ufulu wosonkhana, za ufulu wodandaula. Ankawakhulupirira mawu amenewo monga mmene ankakhulupirira nyimbo za m'buku.

Tsopano ndafika pamene ndinauzidwa kuti ndilumphe.

Mu Januwale 2019 mtengo wa mafuta unakwera kuposa kawiri nthawi imodzi. Makombi anakweza, buledi anakwera. Lolemba pa 14 anthu anati ku ntchito sitipita, tiyenda pa msewu kuti boma litione. Malemu anali asanayendepo pa zionetsero moyo wawo wonse. MaMlotshwa anawagwira mkono pakhomo, nati ine ndine mwana wa ku Lupane, kumene anthu ankatsitsidwa m'mabasi kuja, ndimadziwa mmene zinthu zotere zimathera. Malemu anayankha kuti zimenezo ndi zakale, tsopano kuli malamulo, ndipo nzika ikabisala m'nyumba tsiku lotere ndiye kuti chitupa inangochilandirira chabe. Anasita suti yotuwa ija, chifukwa bambo awo anawaphunzitsa kuti kwa boma supita ndi ovolosi. Anavala tayi ndi chipewa. A Newton anabwera kudzawatenga, nawonso atavala jekete. Anyamata a m'njira ankawafunsa kuti madala, ukwati uli kuti, mkwatibwi mwamusiya kuti. Iwo n'kumaseka, kumati mkwatibwi ndi dziko lino, tikukalifunsira mbeta.

Sindibisa kanthu. Tsiku limenelo matayala anaotchedwa, miyala inaikidwa m'misewu, ndipo kwina masitolo anathyoledwa. Akuba analipo, ndipo wakuba ali ndi khoti lake. Koma gulu limene munali malemu linali la anthu oimba nyimbo, amayi a mumsika ndi azibambo a ntchito zamanja, ndipo linali lisanafike n'komwe m'tauni pamene galimoto ya anthu a mfuti inatulukira kutsogolo. Anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo utsiwo usanabalalike mfuti zinayamba kulira. Panalibe chenjezo, panalibe wonena kuti bwererani. Eni nthaka ino anathawa onse, chifukwa iwo makolo awo anawaphunzitsa kuthawa. Mwana wa a Laston yekha ndiye anaima pakati pa msewu. Anavula chipewa ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kukweza chitupa m'mwamba kuti achione akadali patali. Chipolopolo chinalowa m'chiuno, anagwa. Atagwa kunabwera atatu, awiri kuwaponda ndi majombo pamsana ndi m'nthiti, wina kuwakwapula ndi chikoti. Malemu ankatiuza kuti mpaka pamenepo anali akuyesabe kuwaonetsa chitupacho, poganiza kuti mwina utsi unawatchinga, sanachione bwino. Mmodzi anachitenga, anachiwerenga ndithu, n'kuchiponya m'ngalande.

Mukhoza kufunsa kuti iwe nkhalamba ya ku Mzilikazi unaziona bwanji. Sindinazione. Ndinazimva kwa malemu, ndiponso kwa a Newton Mlenga, amene anabisala kuseri kwa mpanda wa simenti pafupi pomwepo, akusuzumira pa mng'alu. Galimoto itapita, a Newton anabwereka ngolo yokankha kwa mayi wina wogulitsa nkhuni, anaikamo mnzawo, n'kukankha mpaka ku Nketa. Ndinawapeza m'khitchini ya MaMlotshwa dzuwa lisanalowe, jekete lili magazi okhaokha, akulira ngati mwana, ndipo anandifotokozera zonse mpaka chipsera chimene chinali pa tsaya la amene anawombera. Ndinamva ndi makutu angawa, MaMlotshwa ali pomwepo akuwiritsa madzi otsukira chilonda.

Kuchipatala sitinapite nawo, chifukwa kunamveka kuti ovulala akukawatola pa mabedi. Mayi Ethel, namwino wopuma ntchito wa mumpingo mwathu, ndiwo anabwera ndi thonje ndi mankhwala, koma chipolopolo sakanatha kuchichotsa. Sabata yomweyo isanathe, anthu a yunifolomu anayamba kulowa khomo ndi khomo ku Nketa, masana dzuwa likuswa mtengo, kutulutsa amuna ndi kuwagoneka chafufumimba m'fumbi. Zimene zinachitikira amayi ena m'nyumba zawo masiku amenewo si zanga kuti ndizinene pano. Eni ake akudziwa. Intaneti inali itatsekedwa, tinalibe womuuza. Anthu a yunifolomu aja anawapeza malemu ali gone, anavundukula bulangete, nati chilondachi ndi umboni wakuti unali nawo. Anawanyamula ngati thumba la chimanga. Malemu anagona pa simenti m'chitokosi chodzaza, chilonda chikununkha, popanda dokotala. Ku khoti anaimbidwa mlandu wochita ziwawa pamodzi ndi gulu la anthu amene sanawaonepo chibadwire. Belo anakanizidwa poyamba, anadzapatsidwa mu Febuluwale. Mlanduwo unayendayenda mpaka kumapeto kwa chaka, kenako unangothetsedwa, chifukwa panalibe woti anene chimene malemu anachita. Wowomberedwa ndiye anaima pamaso pa woweruza. Wowombera sanafunsidwe ngakhale dzina. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Amene anawatulutsa anali mayi Sylvia Nyathi, loya wa bungwe lina lothandiza anthu omangidwa. Mayiwa anakhala nafe pansi kunyumba n'kutifotokozera zinthu zimene ine sindinkazidziwa. Akuti maiko a dziko lapansi anapangana kalekale, ndipo dziko lino linasaina nawo, kuti munthu woyenda pa msewu wopanda chida sawomberedwa. Akuti mfuti ya zipolopolo zenizeni imaloledwa pokhapokha pamene moyo wa munthu uli pangozi ndipo njira zina zonse zalephera. Akuti munthu akagwa samenyedwa, wovulala amaonedwa ndi dokotala ngakhale ali m'manja mwa apolisi, ndipo zotere zikachitika boma limayenera kufufuza lokha, osadikira kupemphedwa. Ngakhale ena m'gulumo atagenda, akuti tchimo lawo silichotsa ufulu wa amene sanagende. Ine ndinafunsa kuti nanga wa chipsera uja, pangano limeneli anamuwerengera ndani. Kunabweranso ena a makamera, azungu ndi akuno, kuwauza malemu kuti kwezani malaya, tembenukani, tsitsani pang'ono thalauza, nati nkhaniyi ikamveka mpaka ku Jeneva. Ku Jeneva ine sindikudziwako. Mwina msana wa malemu unafikadi kumeneko, koma kuchokera kumeneko sikunabwere ngakhale panado.

Komabe akutaliwo sindiwadandaula kwambiri, sanamwe nawo madzi a mpopi umodzi. Mayi Sylvia anasumira boma nthawi yake isanadutse, nati mlanduwo ungathe kuyenda ngati patapezeka munthu mmodzi woti aime m'khoti n'kunena kuti ndinaona, munthuyu anali chiimire, chipewa m'manja, mwala analibe. Mawu a wovulala yekha akuti sakwanira, chifukwa mbali inayo inkati amene anawombera ndi anthu osadziwika amene anaba yunifolomu. Ife tinati zimenezo n'zosavuta, tili ndi a Newton. Mayiwo atapita kukawaona, a Newton anati tsiku limenelo sanatuluke m'nyumba, ankatsegula m'mimba. Atafunsidwa za ngolo, anati ngolo yanji. Amayi a mumsika amene anali m'gulumo anati utsi unali m'maso. Mwini ngolo anasamukira kumudzi. Mantha ndikuwadziwa, nanenso ndinakulira momwemo. Ndinamva kuti pa tebulo la a Newton panafika anthu awiri kudzafunsa mtengo wa chubu, osagula, n'kuchoka atatchula mayina a ana awo onse ndi sukulu zimene amaphunzira. Zimenezo sindikuzichepetsa. Koma akanabwera kwa mnzawo n'kunena kuti ndikuopa, tikanamva. Iwo anasankha kunena kuti mnzawoyo ndi wabodza.

Mu Meyi 2019 tinaitengera nkhaniyi ku msonkhano wa sosaite ya Tiyanjane, imene makolo athu anayambitsa kuti Mnyasa asaikidwe ngati galu m'dziko la eni, ndipo malemu analowamo ali mnyamata. Anabwera pa ndodo ziwiri. Tinangopempha kuti akuluakulu awalimbitse mtima a Newton, amene ndi wachiwiri kwa wapampando, ndi kuwalonjeza kuti akapita ku khoti tonse tikakhala kumbuyo kwawo, chifukwa kuopseza munthu mmodzi n'kosavuta, koma holo yodzaza ayi. Yankho linali lakuti sosaite ndi ya maliro, si ya ndale. Ife ndife alendo, kwa eni kulibe mkuwe. Onse onena zimenezo anali ndi zitupa zatsopano m'matumba mwawo. Mkulu wina anawonjezera kuti anazifuna okha, ku msewu ankakatani atavala tayi. A Newton anakhala chowerama, akuyang'ana nsapato zawo. Malemu sanakalipe. Anangoti, "Ndiye kuti mudzandithandiza ndikadzafa." Wapampando anati inde, pamenepo ndiye ntchito yathu. Lero asunga mawu awo. Tenti ndi yawo, basi ndi yawo, ndipo bokosi ndi labwino ndithu.

Chipolopolo chinachotsedwa mu 2020 pa chipatala china cha mishoni, koma fupa linali litawola kale, mwendo unafupika. Malemu anabwerera pansi pa mtengo wawo, kumakonza njinga atakhala pa mpando. A Newton anasunthira tebulo lawo tsidya lina la renki. M'mawa uliwonse malemu ankakweza sipanala m'mwamba kuwapatsa moni kutsidyako, ine ndikuwaletsa, iwo osamva. Anakatenganso chitupa china m'malo mwa chimene chinaponyedwa m'ngalande, ndipo mu Ogasiti 2023 anakavotanso pa ndodo zawo. Ndinawafunsa ngati chipolopolo chimodzi sichinawakwanire. Anati akasiya ndiye kuti wa chipsera uja analondola powayesa mlendo. Pa nkhani imeneyo ine ndi iwo sitinagwirizanepo mpaka lero.

Mu 2022 anayamba kukodza magazi, mapazi n'kumatupa. Madokotala anati impso zinavulala kalekale, nafunsa ngati anagwapo pa denga kapena kugundidwa ndi galimoto. MaMlotshwa anayankha kuti majombo. Mu 2024 anayamba kupita ku makina otsuka magazi, mpata ukapezeka. Abigail anasiya kosi yake n'kupita ku Joni kukagwira ntchito m'nyumba za anthu kuti bambo ake asasowe mankhwala. Mu Meyi chaka chino matenda anakula, malemu osathanso kudzuka pa bedi. Anatuma mwana wawo Themba kukaitana a Newton, akuti akawauze kuti si za khoti ayi, akungofuna akambe za Bosso. Kunabwera malalanje m'pepala la pulasitiki, onyamula ake akazi awo a Newton. Ine ndinati tiwataye. Malemu anati asendedwe, nayamwa kachidutswa.

Anamwalira Lachiwiri pa 3 Juni 2025, m'mawa, kunyumba kwawo ku Nketa, MaMlotshwa ndi ine tili pambali. Anali ndi zaka 53. Achipatala akuti chawapha ndi impso. Sananame, impso zinalekadi kugwira ntchito, koma sizinadziponde zokha. Mawu omaliza amene anandisiyira ndi awa: "Malume, mukanene kuti sindinagende munthu, ndipo sindinathawe." Ndanena.

Malemu asiya mkazi wawo MaMlotshwa, ana awiri, Abigail ndi Themba, mdzukulu mmodzi, Nicole, ndi alongo awo awiri, wina ku Hwange wina ku Gweru.

Banja likuthokoza mayi Ethel, amene anayenda ndi thonje m'chikwama cha ku tchalitchi pamene misewu inali yodzaza mfuti. Likuthokoza mayi Sylvia, amene sanatope nafe. Likuthokoza madokotala a ku mishoni, abusa, kwaya ya abambo, ndi amayi amene akhala akuphika ndi kugona pa siwa sabata yonseyi. Likuthokoza oyendetsa makombi a pa renki ya ku Lobengula, amene ankawanyamula malemu kupita ku makina n'kuwatsitsira pakhomo penipeni. Likuthokoza apongozi athu a ku Lupane, amene sanatifunsepo kuti mwana wathu mwamulowetsa m'zotani. A sosaite, zikomo chifukwa cha tenti, basi ndi bokosi. A Newton, zikomo chifukwa cha ngolo ija. Pakanapanda inu, malemu akanafera pa tala tsiku lomwelo, ndipo zaka zimene anakhalapo ndi ana awo tinazilandira kuchokera m'manja mwanu. N'chifukwa chake zikuwawa chonchi.

Chotsala ndi chilengezo chimodzi. Mayi Sylvia atiuza kuti mlandu sufa ndi mwini wake. MaMlotshwa angathe kuupitiriza, ndipo khoti lingathe kufunsa chimene chinapha munthuyu. Chosowa ndi chomwe chija, pakamwa pamodzi. Mwa mwambo wathu, apa ndi pamene ndikanalengeza tsiku lometa, kuti maliro athe, namfedwa amasuke, aliyense abwerere ku ntchito zake. Tinakhala pansi monga banja, ndipo amene anayamba kuyankhula si ine ayi, ndi mwana wa ku Lupane uyu, amene mwambowu si wa kwawo n'komwe. Anati, "Malume, lumo libwezeni m'thumba. Tsitsi langa lidikire."

Choncho kumeta kulibe. Sikuli mawa, sikuli mwezi wa mawa. Zovala za malemu sizigawidwa, masipanala awo sakhudzidwa, ndipo maliro awa akhala otsegula pakhomo paja ku Nketa mpaka tsiku limene mmodzi wa inu amene munaona adzapite kwa mayi Sylvia kukanena. Mayiwo ali pano, aima pafupi ndi chipata, ndipo akuti sachoka mpaka basi itanyamuka. Amene akuopa kuwayandikira lero adzafike kwanga ku Mzilikazi, nyumba mukuidziwa, ndidzamuperekeza ndekha. Ine wokalamba palibe chimene angandilande. Tsiku limenelo tidzakuitanani nonse, tidzaphika, tidzameta. Kufikira pamenepo, mukakumana ndi MaMlotshwa ku msika ali ndi duku lakuda kumutu, musawafunse kuti mayi mudzavula liti. Funsolo si lawo.

Mulungu, amene saitanitsa mboni chifukwa anaona yekha, alandire mzimu wa a Lemson Kanyumbu, nauusitse mu mtendere. Abusa, ine ndathera pamenepa.